Amalonda Awiri Amene Anabvala Mkufu wa Meya ku Migodi

 Nkhani yathu ya lero iri ya mbiri ya mizinda iwiri, Kitwe ndi Ndola, ndi ya amuna awiri amene anayamba ndi malonda, napeza cuma, nabvala mkufu wa Meya. Woyamba ndiye Bambo Maurice Gersh, Myuda wobadwira ku Lithuania, amene anakhala Meya woyamba wa Kitwe m'caka ca 1954. Waciwiri ndiye Bambo Tom Mtine, wamalonda wa ku Ndola, munthu wakuda woyamba kukhala pa mpando wa Meya mu mzinda umenewo.

Pakati pa kubvala mkufu kwa amuna awiriwa panapita zaka ngati khumi zokha, koma m'zaka zimenezo dziko linasintha olilamulira. Tikayang'ana miyoyo yao pamodzi tidzapeza mafunso awiri amene akali nafe kufikira lero. Loyamba ndi ili: mzinda ngwa yani, wa iye amene ali ndi nyumba ndi sitolo m'menemo, kapena wa onse amene agonamo? Laciwiri: kodi munthu wacuma ayenera mpando wa Meya cifukwa ca cuma cace?

Mgodi ndi tauni

Tisanalowe m'mbiri ya anthuwa tiyenera kudziwa malo amene anakhalamo. Dziko la ku Migodi linali la Alamba, ndipo dzina la Nkana ndi la mfumu yao. Ndola ndiyo yaikuru pa kubadwa. Pamalo pamenepo panali kufika amalonda a Ciswahili ogula minyanga ndi akapolo, ndipo mtengo wa mupapa umene akapolo anali kusonkhanitsidwa patsinde pace unasungidwa ukhale cikumbutso. M'caka ca 1904 John Edward Stephenson, amene anthu anamucha Chirupula, anatsegula Boma pa Ndola. Njanji yocokera kumwera inafika m'caka ca 1909, nipitirira kunka ku Congo. Cotero Ndola inakhala khomo la katundu wopita ku migodi, ndipo m'caka ca 1932 inalandira Khonsolo yaceyace yokhala ndi Meya.

Mkuwa unali wodziwika kale kwa makolo, amene anali kuusungunula ndi kuugulitsa. William Collier anapeza miyala ya mkuwa pa Bwana Mkubwa ndi pa Roan Antelope m'caka ca 1902, koma cuma ceniceni cinaoneka m'zaka za m'ma 1920, pamene akatswiri anaboola pansi kwambiri, napeza mwala wa mkuwa wocuruka. Makampani awiri akuru anagawana dzikolo: Anglo American ya Sir Ernest Oppenheimer ndi Rhodesian Selection Trust ya Chester Beatty. Mgodi wa Nkana unali wa Rhokana Corporation, ya gulu la Anglo American, ndipo unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1932.

Tsono pano pali cinthu cimene tiyenera kucigwiritsa. Pa nthaka ya mgodi panalibe Meya. Manijala wa mgodi ndiye anali mfumu: nyumba zinali za kampani, madzi a kampani, cipatala ca kampani, ngakhale phoso la ufa ndi nyama linali la kampani. Munthu akacotsedwa nchito anali kutaya zonsezi tsiku limodzi. Koma amalonda, amisiri ndi ena osagwira nchito ya mgodi anafuna malo aoao, kumene akanatha kugula nthaka ndi kumanga. Cifukwa ca ici Boma linatsegula tauni ya Kitwe m'caka ca 1936, m'mbali mwa Nkana. Nkana unali mudzi wa okumba, Kitwe unali mudzi wa ogulitsa. Nkosadabwitsa tsono kuti pamene Kitwe inafuna Meya, inamfuna pakati pa eni masitolo.

Mphwa woitanidwa ndi atsibweni ace

Mbiri ya Bambo Gersh iyamba ndi atsibweni ace, Elie Susman ndi Harry Susman. Iwowa anali Ayuda a ku kamudzi ka Rietavas m'dziko la Lithuania, limene masiku ao linali pansi pa mfumu ya Russia. Kumeneko Ayuda anali opanikizidwa ndi malamulo ndi umphawi, ndipo anyamata ambiri anaoloka nyanja kukafuna moyo kwina. M'caka ca 1901 abale awiriwa analowa ku Barotseland, dziko la Mfumu Lewanika, kukagula ng'ombe zokagulitsa kumwera. Ulendo unali wa malungo ndi imfa ya ng'ombe panjira, koma anapirira, nakhazikika ku Livingstone, nakhala amalonda ochuka. Pambuyo pace Elie Susman anakhala mmodzi wa akuru a masitolo a Woolworths ku South Africa.

Malonda atakula, anacita cimene ife Acewa ticidziwa bwino: anaitana aphwa ao. Kwathu mtsibweni ndiye nkhoswe ya ana a mlongo wace, ndipo munthu akapeza nchito m'tauni sacedwa kutumiza ndarama ya ulendo kuti mphwa wace abwere. Momwemonso Maurice Gersh ndi mbale wace Harry anafika ku Livingstone m'zaka za m'ma 1920, akali anyamata, naphunzira malonda m'masitolo a atsibweni ao.

Mbiri ya migodi itamveka, abale a Gersh anapita kumpoto, ndipo dzina la malonda ao, Economy Stores, linadziwika ku Nkana ndi ku Kitwe. Zaka zoyamba za migodi sizinali za mtendere. M'caka ca 1931 malonda a dziko lonse lapansi anagwa, mtengo wa mkuwa unatsika, mgodi wa Bwana Mkubwa unatsekedwa, ndipo nchito inaima ku Mufulira, ku Nchanga ndi ku Chambishi. Anthu akuda ogwira nchito ku migodi, amene anali ngati 30,000 m'caka ca 1930, anatsala ngati 7,000 pakutha pa 1932. Amalonda ambiri anatseka zitseko nabwerera kumwera. Koma Nkana ndi Roan Antelope sizinaime, ndipo amene analimba mtima kukhala pafupi ndi migodi iwiriyi ndiwo anakolola pamene mkuwa unauka.

Unaukadi. Nkhondo yaikuru ya 1939 mpaka 1945 inafuna mkuwa wa zipolopolo ndi mawaya, nkhondo ya ku Korea ya 1950 inakweza mtengo, ndipo m'caka ca 1956 tani imodzi inagulidwa mapaundi oposa 400 ku London. Malipiro a okumba anali kuthera m'masitolo a Kitwe. Bambo Gersh anali mmodzi wa oyamba kumanga m'tauni yatsopanoyo, ndipo sitolo ija inabala makampani ena, kufikira iye anawerengedwa pakati pa amalonda akuru a ku Migodi.

Pali cifukwa cina cimene anthu a mtundu wace anagwirira tauni ndi manja awiri. Azungu ambiri a pa mgodi anali apaulendo: anali kugwira zaka zowerengeka, kusunga ndarama, ndi kubwerera ku South Africa kapena ku Britain. Ayuda a ku Lithuania analibe kwao kobwerera. Kuyambira m'caka ca 1941, pamene asilikari a Hitler analanda dzikolo, Ayuda a kumeneko anaphedwa pafupifupi onse, ndipo midzi imene anyamata aja anabadwiramo inatsala yopanda abale ao. Munthu wotere akamanga nyumba amamanga ya njerwa. Pa cifukwa cimeneci tipeza maina a Ayuda m'Makhonsolo a matauni angapo a dziko lino, monga Maurice Rabb amene anakhala Meya wa Livingstone.

M'caka ca 1954 Kitwe inakwezedwa kukhala tauni yodzilamulira, ndipo makhansala anasankha Bambo Gersh akhale Meya woyamba. Mwambo unali wa ku Britain. Meya sanali kusankhidwa ndi anthu onse, koma ndi makhansala anzace. Anali kutsogolera misonkhano ndi kulandira alendo, pamene nchito ya tsiku ndi tsiku inali m'manja mwa Mlembi wa tauni. Komabe mphamvu ya Khonsolo inali yaikuru, pakuti ndiyo inali kukhometsa msonkho wa nyumba, kulambula miseu, kubweretsa madzi ndi magetsi, kugawa malo omangapo ndi kuyang'anira ziphaso za malonda. Tauni imene inali thengo m'caka ca 1935 inakhala ndi miseu ya phula ndi nyumba zosanja m'moyo wa munthu mmodzi, ndipo wamalondayu anali pakati pa nchito imeneyo kuyambira pa ciyambi. Ulemu umenewu sitiyenera kummana.

Anthu a kuseri kwa tauni

Koma mbiri ikanenedwa mbali imodzi isanduka bodza. Kodi anasankha makhansala aja ndani? Voti ya m'tauni inali yomangika ku nyumba ndi katundu wokhometsedwa msonkho. Anthu akuda, amene anali ocuruka koposa, anali kugona m'nyumba za kampani ku Wusakile ndi ku Mindolo, kapena m'nyumba za lendi za Khonsolo monga ku Buchi, ndi ku Kabushi ndi Chifubu ku Ndola. Popeza nyumbazo sizinali zao, analibe mau posankha oyendetsa tauni. Anapatsidwa mabungwe opereka uphungu cabe, amene anali kunena madandaulo koma osatha kulamula kanthu.

Lamulo linali kuona munthu wakuda ngati mlendo m'tauni. Anali kuyenda ndi citupa, ndipo usiku anafunika cikalata ca cilolezo kuti apite m'dera la Azungu. M'masitolo ambiri a pakati pa tauni sanali kuloledwa kulowa pakhomo; anali kuima panja ndi kugulira pa kazenera ka m'mbali, kulandira cimene wogulitsa wamsankhira. M'mabuchala anali kupatsidwa nyama yokulungidwa kale, osaiona. Ndarama zambiri zoyendetsera zosowa za m'makomboni zinali kucokera ku nyumba za mowa za Khonsolo, ndiye kuti wosauka anali kulipira yekha holo yace ndi bwalo lace la masewera ndi ndarama ya mowa umene anamwa.

Agogo athu sanakhale cete. M'caka ca 1935 okumba ananyanyala nchito ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Roan Antelope cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo anthu 6 anaomberedwa nafa ku Luanshya. M'caka ca 1940 anthu 17 anafa pa kunyanyala kwa ku Nkana. M'caka ca 1949 linabadwa bungwe la anthu akuda ogwira nchito m'migodi, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu wa ku Nkana. Ndipo m'caka ca 1956, zaka ziwiri zokha Kitwe italandira Meya, African National Congress ya Harry Nkumbula inauza anthu kuti aleke kugula m'masitolo a tsankho. Apa eni masitolo anaphunzira kuti ndarama ya munthu wa pa kazenera ndiyo inali kuyendetsa malonda ao. Lamulo loletsa tsankho m'malo odyera ndi m'nyumba za kanema linafika m'caka ca 1960.

Kodi tinene ciani tsono za Meya woyamba wa Kitwe? Malamulo a citupa ndi a voti sanawapange ndiye. Anacokera ku Boma la atsamunda. Komabe mpando umene anakhalapo unali woimikidwa pa malamulo amenewo, ndipo tauni imene anaitsogolera inali ya anthu ocepa. Njira yina inalipo, ngakhale inali yaminga. Simon Zukas, nayenso Myuda wobadwira ku Lithuania, anali injiniya wa Khonsolo ya Ndola. Iye anagwirizana ndi anyamata akuda monga Justin Chimba ndi Reuben Kamanga kukana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Boma linampitikitsa m'dziko m'caka ca 1952. Anabwerera ufulu utafika. Anthu awiri a dziko limodzi, wina anamanga tauni monga anaipeza, wina anafuna kusintha maziko ace. Mbiri iwasunga onse awiri, yense pa malo ace.

Wamalonda wakuda alowa m'Khonsolo

Tiyeni tsopano ku Ndola. Kuti timvetse ulendo wa Bambo Tom Mtine tiyenera kuona zopinga zimene wamalonda wakuda anali kukumana nazo masiku a atsamunda. Malo ace ogulitsira anali m'komboni, kumene ogula anali a malipiro ocepa. Popeza nthaka imene sitolo yace inaimapo sinali yace, analibe cikole copereka ku banki kuti akongole ndarama. Katundu anali kumgula kwa Azungu kapena kwa Amwenye, amene analinso opikisana naye. Pamwamba pa izi panali cibale: mlamu afuna shuga wa ngongole, mphwa afuna ndarama ya sukulu, maliro agwa kumudzi. Masitolo ambiri a anthu akuda anafa caka cisanathe. Munthu amene anapyola zonsezi nakhala wamalonda wolemekezeka m'tauni yonga Ndola anali wodziwa kuwerenga ndarama ndi kusunga mau ace.

Bambo Mtine anadziwikanso pa bwalo la mpira. Musaone ngati ici ncacing'ono. M'masiku amene munthu wakuda analibe mpando m'Khonsolo, mabungwe a mpira, a chalichi ndi a anchito ndiwo anali sukulu ya utsogoleri. M'menemo anthu anaphunzira kuitana msonkhano, kulemba zokambidwa, kusunga thumba ndi kuweruza mikangano. Mpira nawonso unali wogawika, Azungu paokha, anthu akuda paokha, kufikira m'caka ca 1962 pamene inayamba ligi ya dziko lonse ya mitundu yonse, imene Roan United ya ku Luanshya inapambana caka coyamba. Bambo Mtine anali mmodzi wa akuru oyendetsa mpira m'masiku amenewo, ndipo anadzakhala mtsogoleri wa bungwe la mpira la dziko lonse la Zambia.

Pamenepo zinthu zinali kuthamanga. Pakutha pa 1962 zipani za UNIP ndi Congress zinapanga Boma pamodzi. Citaganya cinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 24 Okutobala 1964 dziko linalandira ufulu, Dr. Kenneth Kaunda nakhala Mtsogoleri. Zitseko za Makhonsolo zinatseguka kwa anthu a m'makomboni. Ku Lusaka, Safeli Chileshe, amenenso anali wamalonda, anakhala Meya wakuda woyamba m'caka ca 1964. Ku Ndola, m'nyengo yomweyo ya ufulu, mkufu unaikidwa pakhosi pa Bambo Mtine.

Taonani kuti m'mizinda yonse iwiri mpando unapita kwa wamalonda. Cifukwa cace ncosabvuta kucipeza. Dziko linalandira ufulu liri ndi anthu akuda omaliza maphunziro a yunivesite ngati 100 okha, ndipo ambiri a iwo anatengedwa ndi Boma ku Lusaka. M'matauni munafunika munthu wodziwa mabuku a ndarama, wosaopa kukhala pa tebulo limodzi ndi akuru a mabanki ndi a mafakitale, amenenso anthu a ku Chifubu akanamuona ngati wao. Azungu eni malonda anali ndi mantha, ena anali kumanga kale katundu. Anthu akuda anali ndi ciyembekezo cacikuru, ofuna nyumba, madzi ndi nchito msanga. Meya woyamba wakuda anaima pakati pa mantha ndi ciyembekezo, ndipo nchito yace inali kuti asagwetse tauni mbali iriyonse.

Katundu amene Makhonsolo atsopano anasenza anali wolemera kuposa wa Khonsolo ya 1954. Mipope, miseu ndi ngalande zinali zoyesedwa pa anthu ocepa a m'mayadi. Tsopano zinayenera kufikira onse. Citupa citatha, anthu anakhamukira m'tauni kucokera kumidzi, ndipo makomboni omanga okha anamera m'mphepete. Komabe zinali zaka za kukula. Kitwe inalandira ulemu wa mzinda, ndipo Ndola inaulandira m'caka ca 1967. Mpope wa mafuta wocokera ku Dar es Salaam unafika ku Ndola m'caka ca 1968, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa m'caka ca 1973.

Cuma ca Bambo Mtine cinakwera pamodzi ndi kampani ya Lonrho. Kampani imeneyi, imene Tiny Rowland anayamba kuiyendetsa m'caka ca 1961, inali ndi nzeru yosiyana ndi makampani akale: m'malo mothawa maiko olandira ufulu, inalowamo, nipalana ubwenzi ndi atsogoleri ao, niika eni dziko pa mipando yapamwamba. M'caka ca 1964 inagula malonda a Max Heinrich a ku Kitwe, ofulula mowa wa Chibuku, ndipo inagulanso nyuzipepala ya Northern News ya ku Ndola, imene inasandulika Times of Zambia m'caka ca 1965. Bambo Mtine anakhala wapampando wa Lonrho m'dziko la Zambia.

Mpando umenewu unali wotentha. Pa 19 Epulo 1968, ku Mulungushi, Dr. Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 m'makampani akuru oposa 20, ndi kuti malonda ang'ono akhale a nzika za dziko lino. M'caka ca 1969, ku Matero, anacita cimodzimodzi ndi migodi. M'caka ca 1973 Nduna Yaikuru ya Britain, Edward Heath, inadzudzula Lonrho poyera m'nyumba ya malamulo cifukwa ca macitidwe a akuru ace a ku London. M'caka ca 1975 Dr. Kaunda analengeza kuti cipani cidzatenga Times of Zambia. Munthu wakuda wokhala pamwamba pa kampani yacilendo m'masiku otere anali kuyang'anidwa ndi maso awiri. Ena anati anthu otere ali ngati cikopa ca eni cuma a kunja. Ena anati dziko lopanda ana ace odziwa kuyendetsa makampani akuru silingakhale pa ufulu weniweni, ndipo wina anayenera kuyamba. M'mau onse awiri muli coonadi.

Zosintha za ku Mulungushi zinathetsanso nyengo ya amalonda a mtundu wa Bambo Gersh. Ayuda a dziko lino, amene anafika ngati 1,000 m'zaka za m'ma 1950, anacepa caka ndi caka, ambiri nasamukira ku maiko ena.

Mkufu ucotsedwa, nubwezedwa

Mpando wa Meya nawonso unaona masiku oipa. Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, Makhonsolo anayamba kusowa ndarama. Lamulo la 1980 linathetsa udindo wa Meya, ndipo Makhonsolo anaikidwa pansi pa Bwanamkubwa wa Boma wosankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko, wa cipani cimodzi cokha cimene cinalipo. Zipani zambiri zitabwerera m'caka ca 1991, lamulo latsopano linabweza Mameya, osankhidwa ndi makhansala monga kale. Migodi itagulitsidwa, nchito imene inatha m'caka ca 2000, makomboni amene kampani inali kuwasamala anagwera Makhonsolo osauka, ndipo mafakitale ambiri a ku Ndola anali atatseka kale. Potsiriza, malamulo akuru a dziko atakonzedwa, pa cisankho ca 11 Ogasiti 2016 anthu onse a mu mzinda anaponya voti kusankha Meya wao mwacindunji. Cotero funso lathu loyamba linayankhidwa ndi lamulo: mzinda ngwa onse ogonamo. Kucokera pa Meya woyamba wa Kitwe kufikira tsiku limenelo panapita zaka 62.

Kodi wacuma ayenera mpando?

Funso laciwiri lamulo silingatiyankhire. Mbiri imene tamvayi itionetsa zabwino zimene wamalonda abwera nazo. Iye adziwa kuti ndarama yoturuka isapose yolowa. Adziwa kuti tauni yopanda madzi ndi miseu ithamangitsa malonda, ndipo popeza cuma cace ciri momwemo, kugwa kwa tauni ndi kugwa kwace. Munthu wokhuta kale sathamangira mpando cifukwa ca malipiro ace.

Koma ngozi iriponso, ndipo iri m'nchito yeniyeni ya Khonsolo. Khonsolo ndiyo igawa malo omangapo, ipereka ziphaso, isankha kampani yokonza mseu. Wamalonda wokhala Meya ali mbali zonse ziwiri za tebulo, wopempha ndi wopatsa. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mtima wa munthu sucedwa kukumbuka zace. Ngakhale iye ali woongoka, maso ace azolowera kuona mseu wa masitolo. Matope a ku komboni awaona pocedwa. Tauni ya 1954 inali yokongola ndi yosunga bwino mabuku, koma unyinji wa anthu ace unali kugulira pa kazenera. Kudziwa ndarama ndi kudziwa anthu ndi nzeru ziwiri zosiyana, ndipo Meya afunika zonse.

Cifukwa cace, abale anga omvera, wacuma akabwera kudzapempha voti yanu, musamkane cifukwa ali ndi cuma, ndipo musambvomere cifukwa wagawa zitenje ndi mowa. Mfunseni kumene cuma cace cinacokera. Mfunseni ngati adzaulula malonda ace onse ndi kuturuka m'cipinda pamene Khonsolo ikamba nkhani yokhudza thumba lace. Mfunseni tsiku limene anaponda komaliza ku Chimwemwe, ku Kamitondo, ku Masala kapena ku Twapia nyengo ya mvula. Ndipo akasankhidwa musamsiye yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga; misonkhano ya Khonsolo iri ndi mipando ya anthu wamba, ndipo khansala wa dera lanu ali ndi khomo logogodapo.

Bambo Gersh anathandiza kumanga tauni pamene panali thengo. Bambo Mtine anaonetsa kuti mwana wa dziko lino angathe kuitsogolera. Voti imene agogo athu a ku Wusakile ndi ku Kabushi analibe, lero iri m'manja mwanu. Muisunge bwino.